Dambo Siligona: Kuikira Kumbuyo Otchedwa Adani a Chitukuko

Pali mlandu umodzi umene anthu otchinjiriza madambo, misitu ndi mabwalo a m'mizinda yathu amazengedwa chaka ndi chaka, kuyambira ku Cape Town mpaka ku Nairobi. Akaima kutsogolo kwa buludoza, akalembera kalata khonsolo, kapena akakasuma kubwalo la milandu, yankho la akuluakulu limakhala lomwelomwelo: anthu awa ndi adani a chitukuko. Mlanduwu ndi wabodza, ndipo cholinga changa m'nkhani ino ndi kuonetsa pamene pagona bodzalo. Ndikulemba monga mphunzitsi wa za zilankhulo, chifukwa ndakhutira kuti dambo la mumzinda limayamba kulandidwa pakamwa ndi papepala. Pamene buludoza ikufika, ntchito yaikulu imakhala itagwiridwa kale ndi mawu angapo amene tonsefe tidawameza osatafuna.

Liwu loyamba ndi lomwelo la chitukuko. Wophunzira wa kusekondale aliyense akudziwa kuti dzinali lidachokera ku mneni kutukula, ndipo kutukula ndi mneni woyambukira: pamafunika wotukula ndi chotukulidwa. Mayi amatukula mwana amene wagwa. Mnzako amakuthandiza kutukula mtolo kuti ufike pamutu. Koma mneniyu akangosanduka dzina, onse awiri amazimirira m'chiganizo. Nduna ikanena kuti pamalo pano pakubwera chitukuko, palibe lamulo la chilankhulo loikakamiza kutchula amene akwezedwe ndi amene atsalire pansi. Zilankhulo za anansi athu zili ndi msampha womwewu. Chiswahili chimati maendeleo, kuchokera ku mneni wotanthauza kupita. Chibemba chimati ubuyantanshi, kupita patsogolo. Chishona chimati budiriro, kupambana. Onsewa ndi mayina okamba za ulendo wabwino popanda kutchula apaulendo. Ndani angatsutse zopita patsogolo? N'chifukwa chake munthu wofunsa kuti akupita patsogolowo ndani amaoneka wosokonekera mutu funso lake lisanayankhidwe n'komwe.

Liwu lachiwiri limabwera m'malipoti a makhonsolo ndi a makampani omanga. M'Chingerezi amalemba kuti malowo ndi vacant, idle kapena undeveloped, ndipo ife omasulira timati malo ogona, malo opanda ntchito, tchire chabe. Koma tafufuzani m'Chichewa mupeze liwu la malo opanda mwini komanso opanda ntchito. Mudzatuluka thukuta pachabe. Tsala ndi munda wopumula, ndipo mwini wake amadziwika mudzi wonse. Thengo ndi kumene kumachokera nkhuni, bowa, mankhwala ndi luzi. Msitu wa kumanda uli ndi eni ake amene adagona m'menemo, ndipo ngakhale nkhuni zitasowa chotani, palibe mayi amene angakathyoleko nthambi. Bwalo limaoneka lopanda kanthu masiku ambiri, koma amene angamangepo nyumba yake walanda mudzi wonse malo oweruzira milandu ndi ovinira. Nanga dambo? M'dambo muli zitsime zosaphwa m'chilimwe, msipu wa ng'ombe udzu wina utauma, bango la mphasa, udzu wofolera, dongo la mbiya, ndiponso madimba m'mphepete mwake. Liwuli lidalowa ngakhale m'mabuku a sayansi a ku Ulaya kuyambira m'zaka za m'ma 1930, chifukwa akatswiri a za nthaka adalibe liwu lawolawo lofotokozera bwino chigwa chaudzu, chopanda mitengo, chimene chimamwa madzi m'dzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Azungu adabwereka dzina kwa ife, ife n'kubwereka kwa iwo maganizo akuti chinthucho n'chopanda ntchito. Pamalonda amenewa tidadyeredwa masuku pamutu.

Maganizo a malo ogona ali ndi mbiri yake. Malamulo a atsamunda a ku Britain m'madera angapo a Africa adali ndi mawu akuti waste and unoccupied, ndipo malo onse otchedwa choncho amatha kutengedwa ndi boma. Tsala, msipu ndi thengo zimalowa m'gulu limeneli chifukwa wolemba lamulo sadaonepo nyumba ya njerwa kapena mpanda. Diso lomwelo ndi limene lero likuyang'ana dambo la mumzinda pamapu a khonsolo n'kuona mpata woyera wofunika kudzaza. Mbendera zidasintha, koma mtanthauziramawu wa mu ofesi ya malo adatsala womwewo.

Chida chachitatu ndi msintho wochitidwa wa mneni. Timamva kuti malo agawidwa, nkhalango yachotsedwa pamndandanda wa malo otetezedwa, chilolezo chaperekedwa. Wogawa, wochotsa ndi wopereka sapezeka m'chiganizo. Zinthuzo zimamveka ngati mvula, zongogwa zokha. Ntchito yoyamba ya anthu odzipereka amene ndikuwaikira kumbuyo pano yakhala kubwezeretsa mchitantchito m'ziganizo zimenezi: wasaina ndani, tsiku liti, wapindula ndani. Tiyeni tione zimene adachita m'mizinda itatu ya m'chigawo chathu.

Ku Cape Town kuli thamanda lalikulu lotchedwa Princess Vlei, kufupi ndi Grassy Park ndi Retreat. Nthano ya kumeneko imati madziwo ndi misozi ya mwana wamkazi wa mfumu ya Akhoi amene adagwidwa ndi amalinyero a ku Portugal. Lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950 litayamba kuluma, magombe abwino ndi malo ambiri opumulirako adasungidwira azungu, ndipo Princess Vlei idali amodzi mwa malo ochepa amene mabanja otchedwa Makaladi amatha kupitako kukasewera, kukawedza ndi kukabatiza. Boma la tsankho silidasamale malowo, kotero adadzala zinyalala ndi zomera zachilendo. Kenaka, kuyambira 1998, kudabwera pulani yomangapo chinyumba chachikulu cha masitolo pamodzi ndi poimika magalimoto. Taonani mmene chinyengo chimayendera: uyamba wanyalanyaza malo kwa zaka makumi angapo, kenaka uloza uve umene wadza chifukwa cha kunyalanyaza kwakoko ngati umboni wakuti malowo alibe ntchito.

Anthu a m'deralo adayankha ndi makasu. M'chaka cha 2008 adayamba ntchito imene adaitcha Dressing the Princess, kunena kuti kuveka mwana wa mfumu. Adazula zomera zachilendo, adatola zinyalala, ndipo pamodzi ndi ana a sukulu adabzala zitsamba za fynbos zimene zimamera m'mchenga wa Cape Flats. Mu 2012 mudabadwa bungwe la Princess Vlei Forum, lophatikiza magulu a anthu okhala m'deralo, a mipingo, a zachilengedwe ndi a mbadwa za Akhoi. Mu Malichi 2014 khonsolo ya mzindawo idalengeza kuti masitolo aja samangidwanso. Dzina la ntchito yawo lidali nalo gawo pa chipambanochi. Pamapu malowo adali nambala ya puloti, ndipo nambala imagulitsika popanda wodandaula. Anthuwo adaumirira kuwatchula monga munthu wamkazi amene adavulidwa ndipo ayenera kuvekedwa. Wandale amene akadasaina zogulitsa malowo akadayenera kufotokozera anthu ovota chifukwa chimene akugulitsira mwana wa mfumu kachiwiri.

Ku Harare nkhani yake ndi ya madzi akumwa. Mzindawu udamangidwa kumtunda kwa damu limene umamwa. Madzi a mvula ogwa m'misewu yake amatsikira m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba n'kukathira mu Lake Chivero, ndipo kuchokera kumeneko amapopedwa kubwereranso kumipopi ya mumzinda. Pakati pa msewu ndi mtsinje pali madambo, amene Ashona amati mapani ndipo Chingerezi cha kumeneko chimati vlei. Udzu ndi dothi la m'dambo zimagwira madzi, kuwasefa ndi kuwalowetsa pansi. Ukathirapo konkire, madzi amathamanga ndi litsiro lawo lonse tsiku lomwelo, ndipo m'chilimwe zitsime ndi mijigo zimaphwa. Mu 2008 ndi 2009 kolera idapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe. Gwero lake lidali kugwa kwa ntchito yoyeretsa madzi ndi ya mipope ya zonyansa, koma phunziro lake likukhudza nkhani yathu: mzinda umene ulibe ndalama zokwanira zogulira mankhwala oyeretsera madzi sungakwanitse kutaya sefa imene idaugwirira ntchito ulere. Ndipo wophunzira zilankhulo sangalephere kuona kuti limodzi mwa madera amene kolerayo idakantha koposa limatchedwa Budiriro.

Komabe pofika 2013, chinyumba cha masitolo cha Long Cheng Plaza chidali chitamangidwa padambo pafupi ndi National Sports Stadium. M'chaka chomwecho dambo lina la mumzindawo, Monavale Vlei, lidalowa pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Madambo awiriwa adali pansi pa lamulo limodzi, la Environmental Management Act, limene limaletsa kusokoneza dambo popanda chilolezo. Chidawasiyanitsa ndi anthu. Ku Monavale anthu okhala mozungulira dambolo adakhazikitsa bungwe la Conservation Society of Monavale mu 2005. Adayamba kulondera malowo, kuletsa otayapo zinyalala, kuzula zomera zachilendo, kulemba mbalame zimene zimaswana m'menemo m'dzinja, kubweretsa ana a sukulu, ndiponso kupita kukhoti kukatsutsa zilolezo zomangapo nyumba. Lamulo lolembedwa bwino lili ngati khasu lopachikidwa patsindwi. Popanda wolitsitsa, munda ugonera ndithu.

Ku Lusaka, mzinda umene Chinyanja chimamveka pamsika uliwonse, kuli nkhalango yodziwika ndi nambala yake, Forest 27, kum'mawa kwa mzindawo. Kumeneko ndiko kumachokera mtsinje wa Chalimbana, umene umakathira mu Chongwe, ndipo madzi a mvula amalowera m'menemo kupita pansi pa nthaka, m'mzinda umene gawo lalikulu la madzi ake limachokera m'mijigo. Mu 1983 boma lidachotsa nkhalangoyi pamndandanda wa malo otetezedwa. Anthu a m'mbali mwa Chalimbana ataona mtsinje wawo ukuphwa adasonkhanitsa mayina n'kupereka dandaulo lawo, ndipo mu 1996, m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, nkhalangoyo idabwezeretsedwa. Koma mu 2017, 2018 ndi 2019, pansi pa Pulezidenti Edgar Lungu, zigawo zake zidadulidwanso ndi timalamulo tosainidwa mu ofesi, ndipo nyuzipepala za ku Zambia zidalemba kuti pakati pa olandira mapuloti padali akuluakulu a boma. Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust lidatengera nkhaniyi kukhoti. Apa pali phunziro lowawa: anthu odzipereka amayenera kupambana nthawi zonse, pamene womanga amangofunika kupambana kamodzi. Madzi akatayika saoleka, ndipo maziko a konkire sazulidwa ndi chigamulo chobwera mochedwa.

Tsopano ndiyankhe otsutsa, pakuti ena mwa iwo ali ndi mfundo zoyenera kuzimva.

Oyamba amati anthu akusowa pogona ndi ntchito, choncho n'kulakwa kusungira mbalame malo pamene mabanja akupanikizana m'chipinda chimodzi. Kusowa kwa nyumba n'koona, ndipo wochikana sadayendepo ku Mbare, ku Kanyama kapena ku Ndirande. Koma tiyeni tifunse zimene zidafuna kumangidwa pamalo amene tatchulawa. Pa Princess Vlei adafuna masitolo. Padambo la pafupi ndi bwalo la masewero ku Harare padamangidwa masitolo. Ku Forest 27 mapuloti sadapite kwa mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market. Mmphawi amatchulidwa pamsonkhano wopempha chilolezo, koma tsiku logawa makiyi dzina lake silioneka. Ndipo dambo likatsekedwa, madzi osefukira sakwera kumapiri kumene kuli nyumba zamipanda. Amatsikira kwa mmphawi yemweyo, amenenso adzagule madzi am'chigubu mjigo ukadzaphwa. Wofuna kumangira osauka nyumba ali ndi malo ouma ambiri oyambira. N'zodabwitsa kuti chifundo chake chimadzuka pokhapokha akaona malo aulere a boma amene ali pafupi ndi msewu wa phula.

Achiwiri amati nkhani yosamala zachilengedwe ndi ya azungu ndi anthu olemera, ndipo imanunkha utsamunda. Iyi ndi mfundo yolemera kuposa yoyamba ija, chifukwa mbiri ikuichitira umboni. Ku Southern Rhodesia, malamulo monga Water Act ya 1927 ndi Natural Resources Act ya 1941 adagwiritsidwa ntchito poletsa alimi akuda kulima m'madambo momwe makolo awo adalimamo kuyambira kale. Ku Nyasaland, m'zaka za m'ma 1950, malamulo a malimidwe adakakamiza anthu kuunga migula ndi mizere mwa chindapusa ndi ndende, mpaka liwu lakuti malimidwe lidasanduka dzina la nkhanza, ndipo mkwiyo wake udathandiza kukoleza moto wa ndale za ufulu. Munthu amene agogo ake adamangidwa chifukwa cha dimba ali ndi chifukwa chokayikira mlendo wobwera ndi nkhani ya mbalame. Komatu kukumbukira nkhanza zimenezi sikutikakamiza kupereka dambo kwa wamasitolo. Amene adateteza Princess Vlei ndi ana a anthu omwe adasamutsidwa ndi tsankho. Amene adadandaulira Chalimbana mu 1996 ndi anthu omwa mtsinjewo. Ndipo ku Kenya, Wangari Maathai, amene adayambitsa Green Belt Movement mu 1977 pamodzi ndi amayi akumudzi, adanyozedwa m'nyumba ya malamulo mu 1989 chifukwa chokana chinyumba cha nsanjika 60 mu Uhuru Park, ndipo mu Januwale 1999 adamenyedwa mpaka kukhetsa magazi pamutu pamene amakabzala mitengo kunkhalango ya Karura, imene zigawo zake zidagawidwa mwamseri. Omumenyawo adali alonda olembedwa ganyu kuti atchinjirize mapuloti. Amene akufunafuna mzimu wa utsamunda m'nkhani imeneyo aufune kumbali ya zibonga.

Ngakhale zili choncho, mfundo yachiwiriyi ili ndi chenjezo limene anthu odzipereka sayenera kulitaya. Nkhalango ya Karura itapulumuka, bungwe la Friends of Karura Forest lidakhazikitsidwa mu 2009, mpanda wamagetsi udazungulira nkhalangoyo, ndipo pachipata padayamba kulipiridwa ndalama. Malo amene kale amaopedwa chifukwa cha achifwamba adasanduka oyendamo mabanja, ndipo anthu ena a m'madera osauka oyandikana nayo adapeza ntchito. Izi n'zoyamikika. Koma chipata cholipiritsa chimasankha anthu ngakhale chisalembedwe mtundu wa munthu. M'madambo a Harare, nawonso mabanja osauka amalima chimanga kuti apulumuke njala, ndipo khasu lawo limaonongadi dambo. Gulu lotchinjiriza dambo limene misonkhano yake imachitika m'Chingerezi chokha, pakhonde la nyumba yampanda, n'kugamula za mayi wolima chimanga iye kulibe, labwereza tchimo la malimidwe. Ndiponso ladzifooketsa lokha, chifukwa tsiku limene buludoza idzafike, mayi uja sadzaona chifukwa choimira malo amene adathamangitsidwapo. Mutu umodzi susenza denga, makamaka mutu umene umayankhula chilankhulo chimene ena onse osenza nawo sachimva.

Achitatu amatikumbutsa kuti si olemera okha amene amaononga. Izinso n'zoona, ndipo Blantyre ndi mboni. Phiri la Ndirande, limene lidali lobiriwira ndi mitengo ya paini, lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, nthawi yosintha kuchoka ku ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene ambiri adamva liwu lakuti ufulu ngati chilolezo chotenga chilichonse chimene kale chimalonderedwa ndi boma loopsa. Nkhalangoyo anthu amaitcha ya boma, ndipo chinthu cha boma chidali chinthu cha mdani. M'munsi mwa phirilo muli damu la Mudi, limene lidayamba kulandira dothi lokokoloka, mumzinda umene madzi ake ambiri amachita kupopedwa kukwezedwa phiri kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire ndi magetsi okwera mtengo. Kuphiri la Soche nyumba zidakwera mpaka kumalo otsetsereka kumene kudali mitengo, ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo, matope ndi miyala zidatsika usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Sindikuloza chala anthu amene adamanga kumeneko; munthu samanga pamalo ogumuka ngati ali ndi kwina kopita. Chimene Ndirande ndi Soche zikutiphunzitsa n'chakuti malo amene anthu oyandikana nawo sawatcha athu sangatetezedwe ndi mfuti kapena gazeti. Kusiyana kwa nkhalango ya boma ndi msitu wa kumanda ndi kumeneku: msitu ulibe mlonda wolipidwa, koma ulipo mpaka lero ngakhale m'midzi imene mitengo ina yonse idatha. Anthu odzipereka a ku Monavale ndi a ku Princess Vlei adachita m'mzinda chimene mudzi umachitira msitu wake. Adasandutsa malo a boma kukhala malo athu.

Pali ngozi ina imene iyenera kutchulidwa, ndipo Chichewa chili nalo kale dzina lake. Liwu lakuti thangata poyamba limatanthauza kuthandizana, monga anthu amachitira padima. Eni minda ikuluikulu a ku Shire Highlands adalitenga n'kulisandutsa dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ntchito imene idali pakati pa madandaulo a John Chilembwe mu 1915. Liwu lakuti kudzipereka lingathe kuyenda njira yomweyo. Khonsolo imene imatolera misonkho koma n'kusiyira amayi ndi ana a sukulu ntchito yotola zinyalala, yobzala mitengo ndi yozimitsa moto wolusa, kenaka n'kutembenuka kugulitsa malo omwe akongoletsedwa ndi thukuta lawolo, yayambitsa thangata watsopano. Wodzipereka sadabwere kudzapeputsa ntchito ya khonsolo. Ali ndi ufulu woona mapu, wowerenga mgwirizano ndi wokana. Akuluakulu amakonda wodzipereka wonyamula thumba la zinyalala pa tsiku lojambulitsa zithunzi, ndipo amadana naye tsiku limene wanyamula kalata ya loya, chonsecho ndi munthu yemweyo, wochita ntchito imodzi yomweyo.

Nanga ife a m'masukulu a ukachenjede, makamaka a zilankhulo za mu Africa, tili pati? Ambiri a ife timaona ngati nkhaniyi ndi ya anzathu a sayansi ya zomera ndi ya madzi. Koma ndife amene timalembedwa ganyu kumasulira zikalata za boma ndi za mabungwe, ndipo ndi cholembera chathu chimene chimasandutsa undeveloped kukhala malo ogona. Womasulira ali ndi mphamvu yokana bodza lobisala m'liwu. Angathe kulemba kuti malo osamangidwapo, zimene n'zoona, m'malo mwa malo opanda ntchito, zimene n'zabodza. Angathe kufunsa womutuma kuti wagawa malowo ndani, popeza chiganizo cha Chichewa chikumveka chopunduka popanda mwini ntchitoyo.

Chachiwiri, tili ndi udindo pa nkhani ya zidziwitso. Malamulo a mayiko athu amafuna kuti anthu afunsidwe maganizo ntchito yaikulu isanayambe. Koma chidziwitso chake kawirikawiri chimatuluka m'Chingerezi, m'timalemba ting'onoting'ono kumasamba akumapeto a nyuzipepala imene mayi wotunga madzi padambopo sagula, ndipo malowo amatchulidwa ndi nambala imene palibe wokhala m'deralo angaizindikire. Pakatha masiku oikika popanda wodandaula, amati anthu avomereza. Kumeneku ndi kufunsa munthu ali m'tulo n'kulemba kuti sadakane. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza zilankhulo 16, Chichewa chili pomwepo, ndipo gawo 73 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo osaononga thanzi lake, monganso likunenera gawo 24 la malamulo aakulu a South Africa. Ufulu umene chidziwitso chake chimabwera m'chilankhulo chimene mwini ufuluwo samva ndi wapapepala pokha. Tiyenera kuumirira kuti chidziwitso chokhudza dambo, nkhalango kapena bwalo chikhomedwe pamalo pomwepo, chilengezedwe pawailesi ndi m'mipingo, m'chilankhulo cha anthu a pamenepo, ndi dzina limene iwo amatchulira malowo.

Chachitatu ndi ntchito ya ophunzira athu. Chaka chilichonse amalemba kafukufuku wa mayina a malo, ndipo ambiri amathamangira kumudzi ngati kuti mumzinda mulibe mayina. Atumizeni kumadambo, kutimitsinje ndi kumapiri a m'mizinda yawo. Akafunse okalamba kuti malowa amatchedwa chiyani asanapatsidwe nambala, kumatungidwa chiyani, kumabatizidwa yani, kudaikidwa yani. Zolemba zotere zimakhala umboni pa tsiku la mlandu, chifukwa loya wa womanga amadalira kuti woweruza akhulupirire kuti pamalopo padalibe kanthu. Akaonenso mayina amene omanga amapatsa midzi yawo yamipanda. Adzapeza kuti ambiri amatchula dambo, mtsinje kapena mitengo imene idafafanizidwa kuti nyumbazo zimangidwe, umboni wakuti ngakhale wogulitsa akudziwa mtengo wa chimene adaononga.

Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, koma mizinda yathu ilibe zitsime zambiri zoti iphunzirirepo mwa njira imeneyi. Harare idzamwabe madzi otsika m'madambo ake, Lusaka idzadalirabe madzi a pansi pa nthaka yake, ndipo Blantyre idzakhalabe m'munsi mwa mapiri ake, kaya mapiriwo ali ndi mitengo kaya ali mbee. Mayi amene amadzuka Loweruka m'mawa kukazula zomera zachilendo m'dambo popanda malipiro akutukula madzi a mzinda wonse, ndipo angathe kukuuzani mayina a ana amene adzamwe madziwo. Amene akumutcha mdani wa chitukuko ayambe watchula iyenso, ndi mayina, anthu amene chinyumba chakecho chidzawatukule, ndi amene adzalipire mjigo ukadzaphwa.